Chaka Chimene Ndinaperekeza Mbewu

Ana inu, Zione, Fatsani, ndi iwe Lonjezo amene wangoyamba kumene kuzindikira dzina lako pa kapu, ndaganiza zolemba chifukwa ndikayamba kulankhula mumakumbukira kuti mbuzi sizinamwe. Mbuzi zathu zimamwa kuposa mbuzi zonse za kwa Lundu, ndipo ludzu limazigwira nthawi imene ine ndatsegula pakamwa basi. Pepala simungalithawe. Muwerenge bwinobwino, ndipo mukapezamo bodza ngakhale limodzi, ng'ona indigwire pamtunda.

Ndinabadwira m'mphepete mwa dambo lomweli, chaka chimene udzudzu unanyamula mwana wa ng'ombe. Sunapite naye patali, anali wolemera. Amene anaona ndi malemu Thomu, ndipo akanakhala moyo akanakuuzani.

Sukulu ndinapitako, musamandiyang'ane choncho. Koma nthawi yathu khasu linali chilango. Ukachedwa, khasu. Ukalankhula Chisena m'kalasi, khasu. Ukaseka aphunzitsi atagwa pa njinga, unkakumba chitsa. Munda umene tinkalima unali wa aphunzitsi, ndipo chimanga chake tinkangochiona chikulowa m'nkhokwe mwawo. Ine ndinali mwana wosekaseka, choncho pofika Sitandade 2 zilembo ndinkadziwa zochepa koma munda wa aphunzitsi unali utafika ku Mozambiki. Bambo anga anati ngati nkhani ndi kulima, khasu kwathu lilipo. Ndinasiya. Kulemba kumene mukukuonaku ndinaphunzira ndili ndi imvi, ku sukulu ya kwacha, nditakhala pakati pa amayi amene ankandiseka kagwiridwe ka pensulo.

Moyo wanga wonse unathera m'bwato. Bambo anandiphunzitsa kugwira mphondo, mtengo wautali uja wokankhira bwato, ndisanathe kumanga kabudula. Anandiphunzitsanso kuluka mono wa bango, msampha umene nsomba imalowa mwaulemu koma potuluka sipaoneka. Tinkagwira makakana ndi milamba, n'kuziwamba, n'kusenza dengu kukwera phiri kupita ku Thyolo kukasinthanitsa ndi makaka ndi ufa. Inu mukakwera minibasi mumadandaula kuti mwapanikizika. Ife tinkakwera wapansi, ndipo phirilo masiku amenewo linali lalitali kuposa lero. Lafupika chifukwa choponderezedwa ndi magalimoto. Panjira tinkadya masau ndi malambe, ndipo amene wapeza bwemba ankayenda nkhope itakwinyika mpaka kumsika.

Zaulimi zinali m'manja mwa gogo wanu Esinala. Tinali ndi munda kumtunda, wa mapira ndi mchewere, komanso dimba kudambo, kumene timabzala madzi akaphwera. Mbewu ankaisunga mumtsuko, ataisakaniza ndi phulusa, kukamwa kwa mtsuko atamata ndi dothi. Ine ndinkaloledwa kuuyang'ana mtsukowo ndili chapatali.

Tsono pali mwambo umene ndikufuna muumvetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuno kwathu munthu ukhoza kumumana ufa. Ukhoza kumumana mchere. Ngakhale moto ukhoza kunena kuti wazima, utsi ukutuluka pa denga. Koma wopempha mbewu sabwezedwa. Akuluakulu ankati womana mbewu munda wake umamva, ndipo nawonso umamumana. Gogo wanu ankatsegula mtsuko ngakhale kwa mayi amene anatukwanizana naye dzulo lake kuchitsime. Ndipo wopemphayo sumufunsa kuti akabzala liti kapena kuti. Kufunsa choncho n'kumutenga munthu ngati wakuba.

Gogo wanu atatisiya ndinatsala ndi mayi anu Mwandida ndi inu. Bambo anu, monga mudziwa, amadula nzimbe ku esiteti ku Nchalo, ndipo sizoni ikayamba timawaona mwa apo ndi apo, atada bii ndi mwaye wa nzimbe zootcha. Lonjezo, iwe unawathawapo ukukuwa kuti kwabwera chilombo. Usakane, mboni za nkhani iyi zili moyo.

Nthawi imeneyo ndi imene kusukulu kwanu kunabwera Madamu Malizani. Anachokera kumtunda, ku Ntcheu, ndipo anatsika basi atavala juzi. Juziyo inasungunuka asanawoloke msewu. Patapita masabata ochepa ndinaona Zione akutenga khasu m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba ndinati ana amalakwa. Lachiwiri ndinati mwina wayankha mwano. Zitapitirira ndinatenga ndodo yanga kukafunsa kuti mwana wofatsa ngati uyu akulakwa chiyani tsiku ndi tsiku. Nditafika ndinapeza sukulu yonse ili m'munda, ndi madamu omwe, khasu lili m'manja.

"Pepani madamu," ndinatero, "anawa ndamva, ndi ana. Nanga inu mwalakwanji?"

Anaseka mpaka anatsamira khasu. "Agogo, pano khasu si chilango. Mukuona chingwe chija? Akuphunzira masamu. Akayeza munda, awerengera mapando, kenaka akalemba m'kalasi zimene aona. Ndipo zimene akolole adya okha."

"Okha? Inu osatengako?"

"Ndimamwa nawo phala. Kapu imodzi, ngati iwo."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti dziko latembenuka.

Zimene ndinaona m'zaka zotsatira inu mukuzidziwa kuposa ine, koma ndilembe kuti ana anu adzamve. Mapesi amene ife tinkatentha posaka mbewa, inu munkawayala m'munda kuti nthaka isapse. Ndowe zimene tinkazilumpha panjira munkazitola m'ndowa ngati mwapeza chuma. Munabzala nimu ndi sangowa kuzungulira sukulu, ndi bango m'mbali mwa kamtsinje kuti madzi asamadye gombe. Madamu anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu zamakolo kwa amayi achikulire: chimanga, khobwe, maungu, ndi mapira a gonkho, aja amatalika mpaka mbalame zimapuma kaye panjira zisanafike ku ngala. Zokolola munkazigawa pawiri. Zina za phala, zina za mbewu, ndipo zambewuzo munkazisakaniza ndi phulusa ndi masamba a nimu n'kuzitsekera m'kachipinda kuseri kwa ofesi.

Lachisanu ankaitana ife akuluakulu kuti tiphunzitse zimene timadziwa. Mayi wina kuumba mbiya, wina mankhwala a zilonda. Alamu anga a Alufandika, mchimwene wa gogo wanu, ankaphunzitsa kuimba valimba, ngakhale nyimbo amadziwa imodzi yokha imene amangoitembenuza. Ine ndinapatsidwa kuluka mono. Madamu anandipempha kuti pophunzitsa ndizinena za mono zokha, za ng'ona imene ndinaikwera ndizisiya. Ndi nsanje, koma ndinawakhululukira.

Kenaka kunabwera madzi.

Anthu akumtunda amaganiza kuti madzi amasefukira mvula ikamagwa. Kuno amabwera dzuwa likuwala, mvula itagwa kwa eni ake kumapiri. Tsiku limenelo kunali m'mawa, ndikusoka ukonde pakhonde, ndinangoona nkhuku zikukwera pa denga popanda wozithamangitsa. Pomwe ndimati ndiimirire, madzi anali m'mawondo. Ndinakukwezani m'bwato inu ndi mayi anu, mphasa, poto ndi mbuzi ziwiri. Zina zonse zinapita: nyumba, chikwa chosungiramo mapira, mamono anga onse, ndi mtsuko wa gogo wanu. Pofika kusukulu, kumene kuli kokwererako, ndinapisa m'thumba kufuna fodya n'kutulutsa mlamba wamoyo. Unandiyang'ana ngati ndine ndalowa m'nyumba mwake.

Mudzi wonse unasamukira m'makalasi. Ife tinagona mu Sitandade 3, ndipo ndinganene kuti pamapeto pake ndinafikamo. Madamu anatsegula chakudya cha phala chija n'kumaphikira aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe, ndiwo zake masamba a sangowa. Koma chakudya chimene chinasungidwira ana a sukulu sichingasunge mudzi. Chinatha madzi akadali tho m'madimba. Mbewu ya munthu aliyense inali itapita ndi madzi. Yotsala m'dera lonse inali ya m'kachipinda kaja.

Makolo anakhala pansi pa nimu kusankha wosunga kiyi wa kachipindako, ndipo anasankha ine. Ena amati anandisankha chifukwa ndilibe mano otafunira chimanga chokazinga. Ine ndikuti anafuna munthu woona.

Masiku omwewo bambo anu anabwera kudzationa sizoni isanayambe. Anayang'ana mmene tinkagonera, mabanja angapo m'kalasi imodzi, chitenje chikutchinga pakati. Kenaka anandiitanira kuseri, ananjuta mwaulemu, navula chipewa.

"Bambo," anatero, "ine mwambo sindikuukana. Ana ndi a pamudzi pano, ndikudziwa. Koma sangakhale m'kalasi ngati mabuku. Dimba likapanda kubereka chaka chino, ndidzabwera kudzawatenga, iwo ndi mayi awo, akakhale nane kukomponi ku esiteti. Kumeneko ngakhale pang'ono adzadya."

"Mwanena bwino, akamwini," ndinayankha.

Ndipo anali atanenadi bwino, n'chifukwa chake zinandipweteka. Nyumba za kukomponi ndinazionapo. Ukayetsemula, wa nyumba inayo ndiye amapukuta mphuno. Malo a nkhalamba mulibe, ndipo ine sindinafunse. Ndinadziwa kuti mbewu ija ikatha, dimba silibzalidwa, ndipo dimba likapanda kubzalidwa nditsala ndekha pamudzi pano ndi mbuzi ziwiri zimene sizimvetsera nkhani. Kiyi ndinamumanga m'chiuno ndi chingwe cha ukonde.

Woyamba kubwera anali Mayi Nyakhuwa, wamasiye uja amalera adzukulu ake yekha. Anagwada, nawomba m'manja.

"Ndapempha mbewu ya khobwe."

Madzi anali akadali m'khosi kudimba kwake, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Koma mawu anali atanenedwa. Ndinatsegula, ndinamuthirira mbale. Mbewu ija inamera msanga, ana inu. Inamerera mumphika. Dzuwa lisanapendeke fungo la khobwe wowira linali litadzaza Sitandade 5.

Mawa lake anabwera ena, mkuja ena ochulukirapo. Aliyense ankagwada bwinobwino n'kunena mawu omwewo. Palibe amene anathyola chitseko, palibe amene anatukwana. Akanabwera ndi zibonga ndikanadziwa chochita. Anabwera ndi ulemu, ndipo ulemu ulibe pougwira. Sindinkawada. Ndinkamva ana awo akulira kuseri kwa chitenje. Koma matumba ankafupika tsiku ndi tsiku, ndipo ndikayang'ana thumba lililonse lopanda kanthu ndinkaona zovala zanu zikulongedzedwamo.

Apa ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinanama. Ndinaima pakhonde n'kulengeza kuti mbewu yotsalayo madamu anaithira mankhwala oopsa, wodya adzathothoka tsitsi n'kuyamba kulira ngati chule. Ndinaganiza kuti poti zaka zonsezi ndakhala ndikunena zoona osandikhulupirira, mwina bodza alikhulupirira. A Alufandika anayandikira, anatapa njere zingapo m'mbale imene ndinanyamula, anauzira phulusa, n'kuponya m'kamwa.

"Pyadidi," anatero m'Chisena chawo, akutafuna. "Yakoma. Tsitsi ndilibe kale, mulamu. Za chule tiona mawa."

Anthu anaseka, ndipo mzere unatalika.

Ndinapita kwa madamu, amene masiku amenewo ankaphunzitsira pansi pa mitengo poti makalasi tinali titalanda ife. Ndinadikira ana abalalike, n'kumasula kiyi.

"Tengani, madamu. Inu ndinu mlendo, mukhoza kukana. Ine sindingathe. Ndikakana mmodzi, maliro anga adzanyamula ndani?"

"Ndikakana ine, agogo, mawa achotsa ana awo pasukulu. Adzati sukulu yamana anthu mbewu imene ndinaipempha kwa iwo omwe." Anakhala pa chitsa, akuoneka wotopa. Kenaka anaseka pang'ono. "Mukudziwa, chaka choyamba ndinagawira ana mtedza m'manja kuti akabzale. Pofika kumunda mbewu yonse inali m'mimba. Fatsani wanu ndiye anatsogolera."

Fatsani, nkhani imeneyi ndinaisunga mpaka lero.

"Ndiye munatani?" ndinafunsa.

"Kuyambira pamenepo mbewu imayenda m'chitini chotseka, ndipo ndimanyamula ndine mpaka kumunda. Imatuluka phando likakumbidwa."

"Amenewo ndi ana, madamu. Munthu wamkulu sungamufunse za phando."

"Anawo sindinkawafunsa kanthu. Ndinkangopita nawo."

Mawu amenewo anandikumbutsa mwambo wina. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka sumusiya apite yekha. Umamuperekeza, ndipo katundu wake umamunyamulira. Munthu sangakwiye chifukwa chomuperekeza. Akakwiya, wamwano ndi iyeyo. Ndinamanganso kiyi m'chiuno.

M'mawa mwake woyamba pamzere anali a Alufandika. Tsitsi linali lisanamere, komanso sankalira ngati chule. Anawomba m'manja monyada.

"Ndapempha mbewu ya chimanga, mulamu."

"Mbewu samana, alamu."

Ndinathira chitini chodzaza, ndinatseka, n'kuchipanira m'khwapa. Iwo anatambasula manja.

"Tiyeni," ndinatero.

"Kuti?"

"Ndikuperekezeni. Munthu wamkulu ngati inu, mchimwene wa mkazi wanga, kunyamula chitini ine ndilipo? Anthu adzati chiyani?"

"Nkhabe, ayi, mulamu, musavutike. Ndi pafupi."

"Ndi pafupi ndithu. Bwato lili apo."

Anayang'ana anthu, anthu anayang'ana pansi akubisa mano. Kukana sakanatha. Anakwera. Ndinakankha bwato kudutsa pamwamba pa njira imene timayenda wapansi, kudutsa pamwamba pa dimba la kwathu, mpaka pa mgwalangwa umene uli m'malire a dimba lawo. Ndinazika mphondo. Inalowa yonse, n'kutsala kachigwiriro.

"Ndi pano, alamu?"

"Ndi pano."

"Bzalani. Ine ndikugwirirani bwato."

Ananditukwana m'zilankhulo ziwiri. Anati mlongo wawo anakwatiwa ndi fisi, anati tsiku la ukwati ankadziwa kuti banja lawo lalowa tsoka. Ndinavomera zonse, chitini chili m'khwapa. Kenaka anaseka mpaka bwato linatsala pang'ono kugudubuka. Ndiye kuseka kuja kunatha, anayang'ana madzi.

"Adzukulu anga sanadye chiyambire dzulo, mulamu," anatero chapansipansi. "Ukuganiza kuti ndimakonda kugwadira iwe?"

Nthabwala zonse zinandithera, ndipo zimenezi sizichitikachitika. Tinakhala m'bwato nkhalamba ziwiri, chakudya chili m'khwapa mwanga, osayang'anana. Ndikanawapatsa, ana inu. Dzanja linali litayamba kale kutsegula chitini.

Chimene chinandiimitsa ndi phokoso pansi pa bwato. Pakati pa mapesi omira panali milamba ikupalasa, yambiri, yonenepa ndi zimene inadya m'minda mwathu. Chapatali pang'ono masamba a nyika anali atayala pamadzi. Tonse tinakulira m'dambo, koma chifikire kusukulu tinkangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu kudikira galimoto ya thandizo, ndipo maukonde ndi mamono athu anali atapita.

"Alamu," ndinatero, "dimba lanu labereka kale. Kungoti labereka zosambira."

"Tigwira ndi chiyani? Ndi mabodza ako?"

"Ndi mono."

"Woluka ndani? Manja ako amanjenjemera, mono mmodzi umatha sabata."

Anali kunena zoona, ngakhale si chizolowezi chawo. Koma oluka analipo. Sitandade 6 mpaka 8 yonse inali itadutsa m'manja mwanga Lachisanu lililonse, ndipo bango limene munabzala m'mbali mwa kamtsinje linali litapirira madzi.

Madamu anasandutsa khonde la sukulu kukhala malo olukira. M'mawa maphunziro pansi pa mitengo, masana mono. Zione, wako woyamba unali wopindika ngati mwendo wa a Alufandika, koma unagwira. Abambo ankakatchera, amayi ankawamba, anyamata a njinga ankapita nazo kumsika kukasinthanitsa ndi ufa ndi makaka monga tinkachitira kale. Ena ankakazula nyika pamalo osaya, mmodzi ataima m'bwato kuyang'ana ng'ona. Nyika, kwa inu amene munaiwala dala, ndi timizu takuda tija timene ukadya m'mimba mumakhala chete koma mosakondwa. Sindinena kuti tinakhuta. Ndinena kuti mapoto anasiya kuyang'ana kachipinda kaja. Thandizo la boma nalo linafika pambuyo pake, ndipo tinalilandira ndi manja awiri.

Kuperekeza kunapitirira kwa masiku angapo. Ndinaperekeza mkulu wa mpingo, ndinaperekeza mzamba, ndinaperekeza munthu wina amene tili pakati pa madzi anaulula kuti dimba alibe n'komwe. Mayi Nyakhuwa anasiya kundipatsa moni. Pambuyo pake anthu anayamba kubwera n'kunena kuti, "Ndapempha mbewu, koma bakhalani nayo, musandiperekeze." Ndinkathira m'chitini kapena m'kathumba, mwini wake n'kumangapo kansalu kake, n'kubwezera m'kachipinda. Palibe amene anakanizidwa. Mbewu inali yawo, inkangogona kusukulu ngati eni ake.

Madzi atayamba kuphwera tinawatsata. Umu ndi mmene timalimira dimba: madzi akabwerera pang'ono, iwe umabzala pamene achoka, mawa akabwereranso, iwenso umasendera. Anatisiyira matope akuda onona, oti ukaponda umatuluka wopanda nsapato. Tsopano kuperekeza kunali kwenikweni. Banja lililonse linkapita ndi ana a sukulu awiri kapena atatu, chingwe ndi chitini. Mbewu inali itachepa, poti ina inali itamera m'miphika, koma madamu ndi ana anali atayesa njere pa chiguduli chonyowa n'kuona kuti pafupifupi zonse zikumera. Choncho m'malo mothira kadzanja pa phando monga tinazolowera, tinkaika zochepa, ndipo inakwanira. Pakati pa chimanga tinaika khobwe ndi maungu. Zinyalala ndi udzu zimene madzi anaunjika sitinatenthe, tinayala pansi kuti chinyezi chisathawe. A Alufandika anang'ung'udza kuti munda ukuoneka ngati wa munthu wodwala, koma anayala.

Tinamanganso timanyumba, makalasi tinabweza kwa eni ake. Ine m'mawa uliwonse ndinkapita kudimba. Mayi anu ankati ndikukayang'ana mbalame, koma ndinkakawerenga masiku anu. Mvuu inadya mbali imodzi ya dimba lathu ndipo ndinaiyankhula mawu amene sindingalembe pano. Sinabwerenso, ndipo ndamva kuti inasamukira ku Nsanje chifukwa cha manyazi. Chotsalacho chinakula. Chinkakula ndikuchimva ndi makutu. Phesi lina linandivula chipewa nditawerama, pomwe ndimaweramuka chipewa chili pamwamba poti sindingafike.

Bambo anu anabwera Lamulungu lina titangotuluka m'tchalitchi. Ndinawaona ali patali, akukankha njinga pamchenga. Pa kaliyala anali atamanga matumba opanda kanthu ndi chingwe chachitali. Ku esiteti kunali kutafika mbiri yoti anthu a kwathu anadya mbewu yonse ali kusukulu, ndipo mbiri yoipa imayenda pa njinga yamoto pamene yabwino ikubwera wapansi. Matumbawo anali a zovala zanu.

Anapereka moni, anamwa madzi. Inu munawazungulira mukukondwa, osadziwa kanthu. 

"Bambo," anatero, "ndamva zimene zinachitika. Musadandaule, njala ilibe mwambo. Ndapeza malo kukomponi."

Ndisanayankhe, mayi anu anadzuka, anamanga chitenje. "Tiyeni kaye kuno," anatero. 

Anatsogola, bambo anu pambuyo akukankhabe njinga, ine kumbuyo kwenikweni ndi ndodo yanga. Njira ya kudimba ndaiyenda moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo inatalika. Titatulukira pa gombe, bambo anu anaima. Kuchokera pamenepo mpaka ku mgwalangwa wa a Alufandika kunali kobiriwira, madimba a mudzi wonse, maungu atagona pansi ngati ana okhuta. Anagoneka njinga, analowa m'dimba lathu mpaka tinasiya kuwaona. Tinkangomva mapesi akuphwanyika. Anatuluka ndi chimanga chimodzi, anasenda, anatsina njere ndi chikhadabo.

"Ndinamva kuti mbewu munadya."

"Tinadyako," ndinayankha. "Yotsala ndi iyi."

Anayang'ana mayi anu, anayang'ana inu amene munali mutayamba kale kuthyola khobwe. Zione anawakoka dzanja kuti akaone mzere umene anabzala yekha ndi chingwe, ndipo anapita. Atabwerako anamasula matumba aja pa njinga, anawakutumula, n'kubwera nawo kwa ine. Ananjuta.

"Bambo, matumbawa achepa. Mukamakolola ndidzabweretsa ena. Ana apitirize sukulu konkuno."

"Mwanena bwino, akamwini," ndinatero.

Ndinangopezeka ndakhala pansi pamatope ndi zovala za kutchalitchi, matumba ali pamiyendo. Zione mpaka lero amauza anzake kuti anandiona ndikulira. Si zoona. Kuno ku chigwa kumatentha moti thukuta likasowa potulukira limadzera m'maso, ndipo tsiku limenelo kunatentha kwambiri.